Mayi Amene Anayeza Msewu ndi Ndowa Pamutu

Ngati mwadzuka lero mukudziona ngati munthu wotsalira, khalani kaye pansi ndikuuzeni za mayi wina amene anzake pantchito ankangomutchula kuti Mayi Mbendera.

Tsiku limene katapila analowa m'dera lawo, iye anaima m'mbali mwa njira ndi matiresi pamutu, mwana wake wamkazi atanyamula poto ndi chikwama cha mabuku. Nyumba imene anakhalamo zaka khumi ndi zisanu inagwa akuona. Sinali yake, iye anali wa lendi chabe. Mwamuna wake anali atamwalira chaka chapitacho. Benchi imene ankagulitsirapo tomato ndi anyezi inapita ndi katapila yemweyo.

Dziko linali pa liwiro masiku amenewo. Kulikonse kumene ungaponye maso kunali fumbi lokhalokha: uku akumanga mlatho, uku akuboola phiri, uku akutambasula msewu waukulu wa njira zitatu zopita ndi zitatu zobwera. Pa wailesi ankati chitukuko chafika. Mayiyu sanatsutse, kungoti chitukukocho chinadzera m'chipinda chake chogona.

Anakafikira kwa achimwene ake, kumene anapatsidwa khitchini kuti azigonamo ndi mwanayo. Sabata ziwiri zisanathe, mlamu wake anamuitanira kuseri kwa nyumba.

"Mlamu, tisanamizane. Nyumba ino yachepa, pakamwa pachuluka. Mtsikanayu wakula. Ndamupezera malo kwa abwana ena, akufuna wolera mwana."

"Koma ali pasukulu, mlamu."

"Sukulu? Inuyo munafika nayo pati sukuluyo?"

Funsolo linamubaya chifukwa linali loona. Mayeso omaliza a sekondale analemba kawiri, nalephera kawiri konse. Anapempha mwezi umodzi wokha. Anagwirizana kuti akapeza ntchito mwana akhalabe pasukulu, akapanda kupeza mwana akayamba kuchapa matewera a eni ake.

M'mawa mwake anapita kukaima pageti la kampani yomweyo imene inagumula nyumba ija. Ena anamuseka kuti alibe manyazi, koma manyazi anali atawasiya kukhitchini. Anaima tsiku loyamba, lachiwiri, mpaka masiku khumi ndi limodzi. Kapitawo wa pamalopo, bambo wamfupi wa mawu ngati hutala, ankangomudutsa.

"Amayi, kuno si kumsika. Tomato sitiyala pamsewu."

Tsiku lakhumi ndi chiwiri, munthu woimitsa malole sanabwere. Anali atathawira kukampani ina, poti misewu yomangidwa inali mbwee. Kapitawo anayang'ana uku ndi uku, maso ake n'kugwera pa mayi yemwe uja. Anamuponyera mbendera yofiira, chipewa cholimba ndi nsapato za jombo zachimuna, zazikulu moti anachita kutsendera nsanza kutsogolo kwake.

Ntchito yake inali kuima pamene malole onyamula dothi ndi miyala amadutsana. Akakweza mbendera, lole iime. Akatsitsa, ipite. Dzuwa linkamuwotcha kuyambira m'mawa mpaka madzulo, fumbi likumumata nkhope yonse. Madalaivala ankatulutsa mitu pawindo n'kumukuwa.

"Mayi Mbendera, mwadzola paudala wanji lero? Mwawalatu!"

Iye ankaseka nawo, koma maso ake sankagona. Ankaona mmene amathirira dothi pang'onopang'ono, kuliwaza madzi, kulitsendera ndi makina olemera, kenako n'kuthiranso lina pamwamba. Nthawi yopuma ankafunsa oyeza dothi chifukwa chake amakumba timayenje n'kumaika dothilo pasikelo. Ena ankamuyankha, ena ankamuuza kuti asawasokose.

Patatha miyezi isanu ndi iwiri, anamusamutsira kuchigawo china cha msewu. Atafika pamalopo anapazindikira. Linali dera lawo lomwe lija. Panalibe nyumba, panalibe mtengo, panalibe njira. Zotsala zinali ziwiri zokha: nsanja yamagetsi imene pansi pake panali mpopi wa madzi kale, ndi chumuni cha fakitale chapatali.

Lachitatu masana anaona chinthu chimene chinamuimitsa mutu. Lole yodzaza miyala inkadutsa chapatali ndi pamene iye anaima, ndipo pamalo ena nthaka inawerama pang'ono n'kudzukanso ngati matiresi. Anatikita maso. Inadutsa lole ina, nthaka inachitanso chimodzimodzi.

Pamenepo anakumbukira chitseko chake. Chaka chilichonse mvula ikagwa chinkakana kutseka, ndipo malemu mwamuna wake ankachipala mpaka chinatsala chopyapyala. Simenti yapansi inkang'ambika ngakhale aimate kangati. Chifukwa chake aliyense m'deralo ankachidziwa. Mdadada wa nyumba zawo unamangidwa pa chidzenje chimene anthu ankakumbamo dothi loumbira njerwa. Akalipentala anatayamo utuchi zaka zambirimbiri, amayi n'kumatayamo zinyalala, mpaka chinadzaza. Mwini malo anangothira dothi pamwamba n'kumangapo.

Oyeza malo anali ataboola nthaka apo ndi apo, koma dzenjelo analiphonya. Pamapepala awo panali poyera. Anthu amene ankalidziwa onse anali atabalalika, kupatula mmodzi, ndipo mmodziyo anali wogwira mbendera.

Lachinayi anathira miyala yomaliza, anaitsendera, n'kutseka chigawocho kuti lole isapondenso. Paliponse panasalala mofanana ngati tebulo. Phula linali loti lithiridwe Lolemba, eni kampani akuonerera. Kumwamba mitambo inali itayamba kale kusonkhana, ndipo aliyense ankathamanga kuti amalize mvula isanagwe.

Poweruka mayiyo anamutsatira kapitawo.

"Akapitawo, pepani. Pansi apo pali dzenje la utuchi. Ndinkakhala pomwepo."

Kapitawo anaima n'kumuyang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato.

"Makina anayeza, mapepala anasainidwa. Inu mwayeza ndi chiyani, mbendera? Ndikamvanso nkhani imeneyi pakamwa panu, geti ndi ilo."

Atafika kunyumba anapeza mwana wake atakhala pakhomo la khitchini, kope pamwendo, akulimbana ndi masamu dzuwa lisanalowe. Mlamu anali chapomwepo akuanula zovala. Mayiyo anakhala pansi osavula n'komwe nsapato. Mantha anamugwira enieni. Akangokhala chete, ntchito ipitirira ndipo mwana aphunzira. Ndani akanamuimba mlandu? Koma akatseka maso ankaona basi yodzaza anthu ikubwera pa liwiro la msewu watsopano, mvula itagwa zaka ziwiri, utuchi utawola, phula litatitimira.

Lachisanu m'mawa anaima pamalo pake. Cha m'ma naini galimoto ya injiniya wamkulu inatulukira. Njira inali yoyera, panalibe lole ngakhale imodzi. Kuimitsa galimoto popanda chifukwa unali mlandu wochotsetsa ntchito, ndipo iye ankadziwa bwino lomwe.

Anakweza mbendera.

Galimoto inaima ndi fumbi. Injiniya, bambo wa imvi wosakonda zolankhulalankhula, anatsitsa galasi. Kapitawo anali akubwera kale chothamanga, akukuwa asanafike n'komwe.

"Bwana, musamumvere ameneyu! Ndinamuchenjeza dzulo!"

Injiniya anakweza dzanja kuti kapitawo akhale chete. Mayi Mbendera anafotokoza zonse: njerwa, utuchi, chitseko, ndi mmene nthaka inaweramira Lachitatu.

"Mungandisonyeze malo enieniwo?"

"Ndingathe, bwana. Kuchoka pansanja yamagetsi, kuyang'ana chumuni icho, ndi mapazi zana limodzi ndi makumi awiri kufika pakhomo panga."

"Munawerengeranji mapazi?"

"Nditabereka mwana wanga msana unkandipweteka kwambiri. Pochoka kumpopi ndinkawerenga kuti ndidziwe kuti kwatsala pang'ono. Kenako chinangokhala chizolowezi."

Injiniya anayang'ana msewu wosalalawo.

"Amayi, mukudziwa kuti tikakumba apa tikuwononga ntchito ya sabata ziwiri?"

"Ndikudziwa, bwana."

"Tikapanda kupeza kanthu," kapitawo analowerera, "akuchoka lero lomwe. Ndipo palibe kampani ya msewu idzamulembenso, ndionetsetsa ndine."

Injiniya sanatsutse. Anangoti, "Ndikupatsani ola limodzi."

Nkhani inafala msangamsanga. Madalaivala anazimitsa malole, othira madzi anasiya mapaipi, onse anabwera kudzaonerera. Mayi Mbendera anaima patsinde pa nsanja, anayang'ana chumuni, n'kuyamba kuyenda. Maso onse anali pamsana pake. Anaponya miyendo mwachangu kuti athane nazo, jombo zikulira pamiyala. Atafika pa zana limodzi ndi makumi awiri analoza pansi.

Chimakina chokumbira chinabwera. Mano ake analuma msewu wokongola uja, anthu n'kugwira pakamwa. Inatuluka miyala. Linatuluka dothi lofiira lothira. Kenako linatuluka dothi lenileni la pamalopo, louma, lolimba gwa. Woyendetsa anakumbabe mpaka dzenje linapitirira msinkhu wa munthu. Anasuntha pang'ono n'kukumbanso. Munalibe utuchi ngakhale wodzaza dzanja.

Wina kumbuyo anaseka mwakachetechete, anzake n'kumugwedeza. Injiniya anavula magalasi n'kumawapukuta, osayang'ana munthu. Kapitawo anatambasula dzanja.

"Nsapato za kampani. Chipewa. Mbendera. Msanga."

Mayiyo anakhala pansi pamaso pa anthu onse n'kuvula jombo zija. Nsanza zinagwera pamiyala. Misozi inali italengeza, ndipo m'mutu mwake munali nkhope ya mlamu wake basi. Anapereka chipewa. Anaimirira opanda nsapato, miyala ikumubaya kumapazi, n'kuponda kawiri katatu mwapang'onopang'ono.

Kenako anaima chilili. Anayang'ana mapazi ake, anayang'ana nsanja ija. Inaoneka kutali kwambiri. Mpopi sunali kutali chonchi ndi khomo lake.

"Bwana," anatero, "ndalakwitsa ndine. Njira imeneyi sindinaiwerengepo ndili chimanjamanja. Ndinkawerenga ndili ndi ndowa pamutu."

"Amayi inu mwapenga eti?" kapitawo anakuwa. "Mwationongera msewu, tsopano mukufuna kutichitira sewero?"

"Munthu wosenza madzi satambasula miyendo, bwana. Ndipatseni ndowa yodzaza."

Injiniya anabwezera magalasi kumaso n'kuyang'ana wotchi.

"Pa ola lija patsala mphindi khumi ndi zisanu. Mupatseni ndowa."

Mmodzi wa othira madzi anadzaza ndowa mpaka m'milomo. Mayiyo anabwerera patsinde pa nsanja, anasolola nsalu ya mbendera pandodo yake, anaipinda kukhala nkhata n'kuiika pamutu. Anzake awiri anamusenzetsa. Kulemera kwa madziwo kutangotsikira m'khosi ndi mumsana, thupi linakumbukira lokha.

Anayamba kuyenda. Timapazi tating'onoting'ono, khosi lili njo, maso pa chumuni. Madzi ankatayikira pang'ono n'kumayenderera kumaso, osadziwika kuti madzi ndi ati, thukuta ndi liti. Milomo yake inkawerenga chamumtima. Anthu amene ankaseka aja anayamba kumutsatira pambuyo, ena akuwerenga nawo motsitsa mawu. Makumi asanu. Makumi asanu ndi atatu. Zana. Miyala inamucheka chala, koma sanasinthe kayendedwe.

Pa zana limodzi ndi makumi awiri anaima, kutatsala mtunda ndithu kuti afike padzenje loyamba lija. Anatula ndowa.

"Apa ndiye pakhomo panga."

Injiniya anagwedezera mutu woyendetsa makina. Mano aja analumanso. Miyala. Dothi lofiira. Mayiyo anagwira nsalu ya mbendera ndi manja onse awiri, akuipotokola osadziwa. Dothi lofiira linapitirira, ndipo kapitawo anayamba kuyang'ana wotchi yake moonetsera. Kenako panatuluka zibenthu za njerwa ndi zidutswa za simenti. Chimkono cha makina chinatsikanso, ndipo ulendo uno chinangolowa chonse mosavuta, ngati supuni m'matope.

Fungo ndi limene linayamba kufika. Anthu anabwerera m'mbuyo atagwira mphuno. Chimkono chinatuluka chitadzaza zinthu zakuda bii, zonyowa, zikudontha: utuchi wowola, mapepala apulasitiki, zitini zadzimbiri, nsapato yakale ya mwana. Woyendetsa anatsitsanso mkono wonse mpaka pamene unathera, koma pansi polimba sanapafike.

"Abale inu," anakuwa ali pampando wake, "kunsi kuno kulibe dziko!"

Palibe anaseka. Injiniya anatola utuchi uja n'kuufinya m'dzanja, madzi akuda n'kutuluka pakati pa zala. Anatulutsa foni n'kulamula kuti phula la Lolemba liimitsidwe. Anamvetsera kukalipa kwa kutsidya kwa foniyo nkhope ili gwa, kenako anati, "Bwerani mudzanunkhize nokha," n'kudula.

Atatero anatembenukira kwa mayi uja.

"Mbendera ija perekani kwa wina."

Mayiyo anatambasula nsalu yonyowayo n'kuipereka ndi manja awiri. Anaganiza kuti basi, wanena zoona koma wachititsa manyazi akuluakulu, ndipo zatha.

"Kutsogoloku kuli madera ena anayi amene tagumula," injiniya anapitiriza. "Kuyambira Lolemba muziyenda ndi oyeza malo. Mukafunefune anthu amene ankakhalamo, mukawafunse zimene zili pansi. Ifeyo sitinawafunse."

Mayiyo anangokhala pansi pamiyala pomwepo n'kulira mokweza, osasamala kuti akumuona ndani. Patapita kanthawi anaona jombo zija zaikidwa pambali pake. Anali kapitawo, maso ali kumbali.

"Valani izi kaye, amayi. Mawa ndikupezerani za saizi yanu."

Lolemba mwana wake anadzuka, anasamba, n'kupita kusukulu monga mwa masiku onse, osadziwa kuti Lachisanu sukulu yake inatsala pang'ono kutha.

Musaganize kuti kuchokera pamenepo zonse zinayenda myaa. Oyeza malo ena sankafuna kuyenda ndi munthu wopanda pepala, ndipo ankamusiya dala akamanyamuka. Iye ankawatsatira wapansi. Ankafufuza anthu osamutsidwa m'misika ndi m'malo okwerera basi, n'kukhala nawo pansi. Ambiri anali ndi mkwiyo, ena ankamutukwana kuti wagulidwa ndi ogumula. Ankawamvetsera mpaka mkwiyo utaphwa, kenako n'kufunsa funso lake. M'miyezi isanu anapeza zitsime zitatu zokwiriridwa, zimbudzi zosawerengeka, ndi khwawa lina limene anthu analitseka ndi zinyalala.

Injiniya uja anamuuza mosabisa kuti popanda satifiketi sangamukweze kuposa pamenepo. Choncho Loweruka lililonse anayamba kupita kukalasi, kukakhala pabenchi limodzi ndi ana a msinkhu wa mwana wake. Analemba mayeso, masamu anamugwetsanso. Analira tsiku limodzi, tsiku lachiwiri anakalembetsanso. Chaka chotsatira anakhoza. Anapitiriza ndi maphunziro a kayezedwe ka dothi, masana ali kumsewu, Loweruka ali m'kalasi, kwa zaka zitatu.

Lero akutsogolera gulu loyeza dothi pa msewu waukulu wachitatu chiyambireni ntchitoyi. Palibe phula limathiridwa pachigawo chake iye asanasaine. Achinyamata ochokera kukoleji akabwera ndi makina awo, amawalola ayeze, kenako amawatuma kuti akapeze munthu amene ankatunga madzi pamalopo.

Tsono inu amene mukuwerenga, pa nkhani yonseyi ine ndikufuna mugwire mphindi imodzi. Osati pamene utuchi unatuluka, ayi. Gwirani pamene dzenje loyamba linapezeka lopanda kanthu, mayi ataima opanda nsapato, ntchito itatha, anthu akuseka. Ambirife tikanaweramitsa mutu n'kulunjika kugeti. Iye anavomera kuti walakwitsa, anapeza pamene walakwitsira, n'kupempha ndowa.

Mwina inunso mwakumba ndipo simunapeze kanthu. Mwina amene anakuuzani kuti simungathe akuoneka ngati ananena zoona. Musafulumire kuchoka. Zaka zimene munavutika zija sizinapite pachabe, zinakuphunzitsani zinthu zimene ena okhala m'maofesi sakuzidziwa. Bwererani poyambira, senzani katundu wanu, muwerengenso. Mtima wokhawo musautaye, chifukwa nthawi yanu sinathe.